Nsapato ziwiri pakhomo pa mzikiti

Lachisanu. Ntchito inali yochepa, koma tsikuli landilemera.

Masana tikudikira basi ya kampani ku Al Quoz, dera la mafakitale kudziko la eni kuno, ndinaona nsapato zili mbwee pakhomo pa mzikiti, eni ake akupemphera m'kati.

Ndinakumbukira hotela imene ndinkakolopako kudziko lina ndisanabwere kuno, tsiku limene zigawenga zinalowa ndi mfuti. Asilikali atamaliza zawo, okolopafe anatiuza kuti titole nsapato zimene anthu anasiya pothawa. Tinazindandalika pakhonde kuti achibale adzazizindikire. Mayi wina anatola ya mwamuna wake, osalira, n'kundifunsa kuti, "Bambo, inzake ili kuti?" Ndinaifunafuna mpaka dzuwa kulowa. Sindinaipeze.

Ndiye lero basi itafika, ine ndinangoima. Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene timagona chipinda chimodzi, anakuwa kuti, "Yalla, tiyeni achimwene, itisiya!" Ndinawerama ngati ndikumanga zingwe za nsapato zanga. Bodza. Ndinkafuna ndione aliyense atavala zake.

Anthu anatuluka, kuvala, n'kumapita. Zinatsala ziwiri zokha, zakuda, zopondeka kuchidendene. Tembo anandikokera m'basi, ndipo inanyamuka ine ndikucheukabe.

Iye akuti mwina ndi za mkulu wina wokonda kupemphera nthawi yaitali. N'kutheka. Madzulo ano Tembo wadya n'kukhuta, ine mbale yanga sindinaikhudze. Sindinamuuzepo za hotela ija.

Mwina mwini nsapatozo anatuluka titangokhota. Ayenera kuti anatuluka. Koma nanga ngati sanatuluke?