Bawo la Alfonsi Silikutha

Aphungu,

Ndine mtsikana wa ku Madzimoyo, ndipo ndili pa chibwenzi ndi mnyamata dzina lake Alfonsi. Amakhala kwa amalume ake ku Kapata, akuphunzira zamakompyuta pa kasukulu kena m'tauni. Titagwirizana za banja anandiuza kuti, "Ndikangomaliza pulojekiti ya kusukulu, ankhoswe anga afika kwanu." Apo n'kuti tikudzala mtedza. Mtedzawo tinakumba, tinadya, tinadzalanso wina.

Pulojekitiyo ndi ya bawo: akufuna kompyuta izisewera bawo ndi munthu. Akuti makompyuta nawo ali ndi zilankhulo zawo. Anayamba ndi china chotchedwa BASIC. Atatsala pang'ono kumaliza anati BASIC ndi ya ana, n'kuyambiranso ndi Pascal. Kenako anamva kuti m'makampani amafuna COBOL, basi Pascal uja pansi. Pano akuti anthu ozindikira onse ali pa C. Kaya C ameneyu ali ndi mng'ono wake, ine sindikudziwa.

Mwezi watha ananditengera kusukuluko kuti ndikaone ndekha. Anatulutsa madisiketi anayi osungiramo bawolo, chilankhulo chilichonse ndi disiketi yake, m'thumba la shati, muja anzake amasungamo chithunzi cha mkazi. Iliyonse akailowetsa m'kompyuta, pagalasi pankabwera moni, dzina langa lili pomwepo. Ndisaname, Aphungu, ndinakondwa mpaka kugwira pakamwa. Koma nditati tisewere, njere zinangoyenda maenje awiri n'kuima. Onse anayi chimodzimodzi. Iye osachita ndi manyazi omwe, amvekere, "Zabwino sizifuna phuma."

Tsono azakhali anga ku Lusaka andipezera malo pa sukulu yosoka. Chaka chatha ndinakana chifukwa cha Alfonsi. Ulendo uno akuti ndikapanda kufika mvula isanagwe, malowo apatsa wina ndipo sadzandichondereranso. Bambo anasiya kufunsa, amangotsokomola dzina la Alfonsi likatchulidwa. Ndimamukonda, koma ndatopa. Kodi ndidikire kuti C athe?

Z.M., Madzimoyo

Mwana wanga Z.M.,

Poyamba ndikuyamikireni. Anzanu amapatsidwa moni m'Chinyanja chokha, inu mwapatsidwa m'zilankhulo zinayi, ndi makina omwe. Vuto n'lakuti moni sakwatira.

Alfonsi si waulesi, ndipo sindikuganiza kuti ndi wabodza. Akudwala matenda a anthu anzeru: kuyamba kumawakomera, kumaliza kumawaopsa. Chinthu chikatha anthu amachiona, aphunzitsi n'kupezamo zolakwa, pomwe chosatha sichilephera mayeso. Chondidetsa nkhawa n'chakuti wamangirira ukwati wanu kumchira kwa ntchito imene mwiniwakeyo akuopa kuimaliza.

Masulani mfundo imeneyo. Mukhale naye pansi kutali ndi kompyuta, mumuuze kuti ankhoswe safuna disiketi kuti afike ku Madzimoyo, amangofuna njinga ndi tsiku Loweruka. Atchule tsikulo ndi pakamwa pake, likhale mvula isanagwe. Za bawo, mumupemphe asankhe chilankhulo chimodzi, ngakhale cha ana chija, musewere mpaka wina agonje. Likakhala loipa, likhale loipa koma lotha. Satifiketi yake nayonso ikudikira pomwepo.

Koma musanakumane naye n'komwe, ayankheni azakhali kuti mukubwera. Kuphunzira kusoka sikuthetsa chibwenzi, ndipo mabasi a ku Lusaka sanasiye kuyenda. Mumuuze zimenezi mwachikondi, osati moopseza. Ngati akukufunanidi, muona fumbi la njinga za ankhoswe musananyamule chikwama. Munthu akati odi kanayi pakhomo koma osalowa, si bwino kusiya zochita zanu zonse n'kumangomuyalira mphasa.

Chenjerani ndi mawu akuti "kwangotsala pang'ono". Munafunsa ngati C ali ndi mng'ono wake. Ndafufuza kwa odziwa, ndipo alipo ndithu, dzina lake C++. Mukadikira kuti Alfonsi amumve ameneyo, mwana wanga, mtedza mudzakumbanso kawiri mukadali mbeta, singano osaigwirako.

Aphungu