Mpando Wosanduka Bedi

Lachinayi, ku Mavwere. Miyendo idakali yotupa, mutu sukugwira.

Mwana wanga Tadala anandigulira malo a kutsogolo m'ndege pochokera kwake ku Ulaya. Mtsikana wotumikira m'ndegemo anagwada pondifunsa chakudya. Mzungu kundigwadira ine! Ndinati uyu analeredwa. Kenaka anadina batani, mpando n'kusanduka bedi, n'kundilozera kuti ndigone. Pambali panga bambo wina anali atavula kale nsapato, akuliza mkonono. Ine kugona moyandikana ndi mwamuna wa eni ake? Ndinadzuka, n'kukhala tsonga ulendo wonse.

Lero Tadala waimba foni: "Amayi, bedi lija munalimva bwanji?" Posafuna kumukhumudwitsa ndati, "Ndinagona ngati khanda."

Bambo ake anali pomwepo akusenda mtedza. Asiya. "Bedi? M'ndege? Munalipo angati?"

Nanga ndiyambire pati ine...