Mgolo Umene Ndinaukana

Amayi, kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Milonde tilipo ndithu. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi kuchipatala cha Mishoni mwezi wathawu, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali nawonso wayamba kale kuoneka. Nandolo wachita bwino chaka chino, koma kalongonda palibe akumuphika ngati inu. Mkazi wanga amamuphula msanga, ine ndimangodya choncho.

Amayi, ndili pa mlandu, ndipo ndakwiya kwambiri.

Kunali msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. A Mukhiwa, tcheyamani wathu uja munkati amayenda ngati msewu anaulima yekha, anandituma kuti ndimange nsanja ya alendo, poti ndine wokhoma ndowa ndipo zachitsulo ndimazidziwa. Anabweretsa migolo yakale isanu ndi umodzi yopanda kanthu kuti tiyalepo matabwa. Potsitsa pa lole, anyamata awo anauponya umodzi pamwala, nupindikira m'kati chapakati, kamalo kochepa ngati chikhato. Ndinaukana. Ndinati tipeze wina, apo ayi tithiremo mchenga. A Mukhiwa anati nthawi palibe, ndingoutembenuza kuti popindikapo payang'ane kumbuyo, alendo asaone. Ndinautembenuza. Pamenepo pokha ndiye ndimadziimba mlandu.

Nyimbo zitakolera, alendo anaimirira onse n'kuyamba kuponda. Mgolo uja unangoti phwafu, kukwinyika ngati nsalu. Matabwa anatsetsereka, mwana wa a Nakoma amene anakhala m'munsi anathyoka mkono, ndipo chithunzi cha mwini dziko chinagwera m'matope. Za mkono wa mwanayo palibe wafunsa mpaka lero. Onse ali pa chithunzi. Akuti ndinachita dala, ndine woukira. Inu mukudziwa kumene amapita munthu akapatsidwa dzina limenelo, ndiponso kuti ambiri sabwerako.

Ndinakumbuka mmene munkagulira miphika ku Thuchila. Munkaugogoda ndi chala, wogulitsa ali chilankhulire, n'kuti, "Musandiuze, undiuza wokha." Ndiye ine ndatolera zitini za mkaka zopanda kanthu, zofanana zonse. Chabwinobwino ndikachiimika, kuikapo thabwa n'kukwerapo, chimandinyamula, ine bambo wa ana atatu. Koma ndikachidinikiza pambali ndi chala chachikulu, pang'ono chabe, chimaphwafuka ndisanakweze n'komwe mwendo wachiwiri. Ndayesa kupinda pamwamba, ndayesa pakati, ndayesa kakang'ono koti maso sakaona bwino. Kutembenuza sikuthandiza, Amayi. Uyang'anitse kumbuyo, uyang'anitse kuphiri, chitsulo chimagonjera pomwe chinavulala. Mkazi wanga akuti khonde lasanduka dzala, koma akundithandiza kutolera.

Amalume a Dayisoni anabwera dzulo, chipewa chili m'manja. Akuti a Mukhiwa afewa mtima: Loweruka ndikagwade pamaso pa anthu, ndinene kuti ndinali nditaledzera ndipo mgolo ndinaupinda ndine, nkhani ithere pomwepo. Amalume analira, ndipo ndinawamvera chisoni. Koma ine mowa ndinaulawa liti? Munandilera ndi ndalama yothyola tiyi, mvula ikukuthirani pamsana, kuti ndidzadzinamizire pagulu pofuna kutsuka munthu amene ndinamuchenjeza? Ndikavomera, msonkhano wina adzamanganso pa mgolo wopindika, ndipo pansi pake padzakhalanso mwana wa munthu. Ayi, zimenezo ndakana.

Mantha ndili nawo, sindikubisirani. Koma Loweruka ndikupita ndi zitini ziwiri m'thumba, china chabwino, china chopindika. Ndikakwera pa chabwinocho anthu onse akuona. Kenako ndikapempha a Mukhiwa mwaulemu wonse kuti akwere pa chinacho, achitembenuzire kumene akufuna.

Mkazi wanga wandimangira kale bulangete ndi malaya awiri, mwina sindidzagona kunyumba. Ndamuuza kuti nyundo ndi lumo langa la malata asagulitse, zidikire ana.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani sabata ino kuposa tsiku lija tinakuikani. Ndikukulonjezani chimodzi: akanditenga, adzanditenga ndili chiimire.

Ndine mwana wanu,
Laisoni