Foni Inangokhala Chete

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe.

Pulogalamu munandiikira mufoni ija, yosonkhanitsa zatsopano za pamasamba a intaneti, yandigwiritsa fuwa lamoto. Munati sukulu ya unamwino ikangotulutsa maina, idzandiuza. Ndinkaitsegula m'mawa uliwonse ndisanapite kothyola tiyi, koma kunali zii.

Dzulo ku Chitakale ndinakumana ndi Esinati, mnzanga amene tinafunsira limodzi malo. Akuti, "Iwe, bwanji sunabwere ku intaviyu? Dzina lako analiitana kawiri." Kani sukuluyo inasintha tsamba, pulogalamu n'kumadikirabe pa lakale.

Chaka chamawa ndidzakhala nditapyola zaka zimene amafuna. Nsapato zoyera munalonjeza zija musagulenso. Munditumizire majombo a kumunda.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Felesiya