Kalata Yochedwa ndi Masiku Atatu

Lachitatu, 6 Malichi 2024

Kalata sinafikebe. Kampani yosamalira okalamba ya ku Leeds ija inalonjeza kuti itumiza mu Febuluwale. Popanda kalatayo sindingapemphe viza. Lolemba likubwerali lamulo latsopano la ku Britain liyamba kugwira ntchito: wopita kukasamalira okalamba asatengenso mwamuna kapena mwana. Amene apemphe Lolembalo lisanafike, banja lake liloledwa.

Kuchipatala lero maso anali pa foni basi, mpaka a sisitala andikalipira pamaso pa odwala. Amanena zoona.

Lachisanu, 8 Malichi

Msuweni wanga Diana wanditumizira mawu pa foni kuchokera ku Leeds konko. Akuti chisankho chayandikira, a chipani cholamula cha Conservative akuopa kugwa, ndiye akufuna aonetse anthu awo kuti amatha kutseka chitseko. Ndamufunsa za otsutsa boma, a Labour. Waseka. "Iwonso akuti alendo achuluka, Jacqueline. Akulimbana za ndege yotumiza othawa kwawo ku Rwanda. Za ana athu palibe akulimbana."

Kuseka n'kosavuta kwa iye. Ake awiri anawatenga chaka chatha chitseko chili pululu.

Amuna anga a Kingstone sakulankhula zambiri. Anatula ukapitawo ku esiteti ya tiyi mwezi watha, ndine ndinawaumiriza. Ndinati tikonzekeretu, zinthu zikayenda ziyenda mwachangu. Nyumba ya kampani titulukemo pa 31.

Lamulungu, 10 Malichi

Titaweruka ku tchalitchi tinadzera kwa ababa. Mwana wathu Favour wauza kale Sande sukulu yonse kuti akwera ndege, mpando wa pawindo. Zaka zinayi, pakamwa ngati wailesi.

Ababa, a Pilato, anaphikira mabwana achingelezi a pa esiteti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mpaka lero BBC saiphonya. Nduna za ku London amazitchula maina ngati anzawo a pabawo. Ndinawadandaulira. Iwo akuti, "Mngelezi akati folo koloko, ndi folo koloko. Ukachedwa, wachedwa wekha. Dziko ndi lawo."

Ndinapsa mtima. Ndinati, ababa, malemu amayi anabereka kumbuyo ana atatu a bwana, ine ndikulira kwa azakhali ku Muloza. Ana amenewo lero ndi akuluakulu, akuvota ku Britain konko. Mwina ndi omwewo akuti wanga asabwere.

Anangotembenuza batani la wailesi. Amuna anga a K. anandigwira mkono kuti tizipita.

Lolemba, 11 Malichi

Ndi lero. Palibe.

Lachinayi, 14 Malichi

Kalata yafika. Teni koloko itangodutsa, ndikuyeza mwana wa munthu pa sikelo. Akuti ndi okondwa kundilandira m'banja lawo. M'banja!

Masiku atatu okha. Ndinalowa m'chipinda chosungira mankhwala n'kukhala pa katoni. Sindinalire ayi.

Ndawalembera kuwafunsa ngati angasinthe deti. Ayankha mwaulemu kwambiri kuti lamulo si lawo, ndi la boma.

Loweruka, 16 Malichi

Mvula tsiku lonse, phiri silinaoneke.

Diana akuti ndipite ndekha, mwina boma likasintha lamulo lisintha. Ndamufunsa ngati wamva chipani chilichonse chikulonjeza zimenezo. Wati ayi. Kenako wayamba kundifotokozera za mkangano wa m'nyumba ya malamulo, wina kutchula mnzake wamantha, enawo kukuwiza ngati ali ku mpira. Ndadula foni.

Anthu amenewa akufuna manja anga akapukute amayi awo. Manja okha. Mwana amene manjawa amamusambitsa, ameneyo ndi chiwerengero chofunika kutsitsa chisankho chisanafike.

Masana takangana ndi a K. koyamba chichitikireni izi. Ndinati sindipita. Iwo anati, "Ndiye ntchito yanga ndinatayira chiyani?" Ndinati ndikapita Favour andiiwala. Anati, "Mukatsala adya chiyani, mayi a Favour? Malipiro anu a kuchipatalawo?" Favour anali pakhomo akumva zonse, atavala juzi ija tinamugulira pa kaunjika ku Chonde, ya kuzizira kwa ku Ulaya. Safuna kuivula.

Lolemba, 18 Malichi

A K. anapita kwa a manijala kukapempha ntchito yawo. Malo anapatsa kale Samueli, yemwe a K. anamuphunzitsa kugwira sikelo. Chomwe chilipo n'kuthyola masamba, ndi kanyumba ka chipinda chimodzi ku malayini a antchito wamba. Avomera osandifunsa.

Ababa atumiza uthenga kuti a Labour akutsogola, ndisataye mtima.

Lachiwiri, 19 Malichi

Pochokera kuntchito minibasi inadutsa m'mbali mwa munda wa kumtunda. Ndinawaona a K. Dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, ali pamzere pakati pa amayi omwe ankawalemba maina m'mawa uliwonse. Samueli chilili ndi ambulera.

Mayi wina m'minibasi anati, "Si akapitawo aja amapita ku Ingalande awo?" Mnzake anati, "Afika kale. Ingalande yake ndi imeneyo." Minibasi yonse kuseka. Ine ndinaweramira m'chikwama ngati ndikufuna kanthu.

Lachitatu, 20 Malichi

A K. abwera madzulo dzuwa lisanalowe, zala zili zobiriwira, zong'aluka m'mphepete mwa zikhadabo. Sanasambe n'komwe. Anakhala pakhonde n'kunena kuti ndibweretse foni, tilembe fomu ya viza.

Tinayenda nayo pang'onopang'ono, netiweki ikuduladula. Dzina. Nambala ya pasipoti. Nambala ya kalata ija. Wokwatiwa, inde. Kenako funso lakuti ndi angati a m'banja amene ndipite nawo.

Ndinaika foni pansi.

Favour anali pabwalo, manja atatambasula, akuzungulira mtengo wa mapeyala. Anatifuulira kuti tikwere msanga, ndege ikunyamuka.

A K. anatola foniyo. Chala chawo chinakanika kawiri, galasi silimamva chifukwa cha utomoni wa masamba. Anachipukuta pa buluku n'kulemba ziro. Kenako anandibwezera.

"Potumiza dinani nokha," anatero, n'kutsika pakhonde kupita kwa mwana.

Ndinadina. Pabwalo Favour amawauza abambo ake kuti akhale kumbuyo, mpando wakutsogolo ndi wa amayi.