Kalamba ka Kuchidendene

Lolemba, 6 Okutobala

Ndaima! Ndaima pa bolodi lero, thabwa lotsetsereka nalo panyanja, ine mwini wake, wosoka nsapato wa zaka makumi asanu ndi chimodzi. Kayiti m'mwamba, yaikulu kuposa chitseko cha shopu, zingwe zili gwa, mphepo n'kundizula m'madzi kundiimika pa thabwa. Mwina mamita makumi awiri. Kenako khuvu! Madzi m'mphuno, bolodi uko, ine kuno. Koma ndinaima, zimenezo palibe angandilande.

Katsabola, mwana wanga, kukuwa ali kutali: "Adadi aima! Adadi aima!" Gombe lonse kutembenuka. Manyazi ndinalibe ngakhale pang'ono.

Iye zaka zitatu ali pa kayiti, amadumpha ngati alibe mafupa. Ine ndinkangopita kukasoka zida zong'ambika za pasukulu yawo ya makayiti, mpaka Aphunzitsi, mnyamata wa tsitsi lopota uja, anati bwanji muyeseko madala. Ndiye ndi izi.

Katsabola anyamuka pa 27. Ntchito ya unamwino yapezeka, kutali, masiku awiri pa basi. Tapangana: Loweruka pa 25 tikazungulira limodzi chigubu chofiira choyandama pakati paja n'kubwerera. Awiriwiri, iye uku ine uku. Kamodzi kokha asanapite. China sindikufuna.

Lachitatu, 8 Okutobala

Vuto ndi bolodi. Yanga ili ndi malamba awiri, umangolowetsa phazi ngati patapata. Ukagwa imavuka n'kuthawa. Lero yathawa kasanu ndi kawiri, ndawerenga. Kuti uipeze uzikokedwa ndi kayiti chamimba, kupita uku kubwerera uku, ukumwa madzi. Ola lathunthu: kukwera mphindi zisanu, zotsalazo kusakasaka thabwa. Asa!

Aphunzitsi sanabise. Kuchigubu ndi kwakuya, sandilola ngati ndikuthabe mphindi khumi kufunafuna bolodi.

Ya Katsabola ilibe malamba. Ili ndi jombo ziwiri zomangidwa ku thabwa ndi masikuluwu, zingwe mpaka pamwamba pa kakolo. Agwe bwanji agwe, bolodi ili kumapazi. Ndinazitenga n'kuzitembenuza, kuona msoko, kukanikiza soli ndi chala. Ntchito yabwino, amene anasokayo ndamuvulira chipewa. Mtima wanga wapita pamenepo basi.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndapempha jombo. Kukana onse awiri ngati anachita kupangana.

Aphunzitsi akuti ubwino wa malamba ndi womwewo wondikwiyitsawo, amakutaya. Ukagwa moipa, mapazi amatuluka, thabwa likupita kwake iwe kwako. Jombo sizitaya munthu. Thabwa likapotoka, bondo lipotoka nalo. Komanso m'madzi osaya sungaime, sungayende, mpaka utamasula zingwe. Ndi za anthu odumpha, amene anaphunzira kale kugwa. Kenako kundibwerezetsa kakhumi kukankha chomasulira chofiira cha pamimba, chija chothetsa mphamvu ya kayiti zikavuta. Ngati mwana wa sitandade wani.

Katsabola naye: "Ine ndinatha zaka ziwiri pa malamba, Adadi. Inu masabata asanu mwayamba kale matama." Dzina lija sitinamupatse pachabe.

Pakamwa ndinati chabwino. Mumtima ayi ndithu. Zaka makumi atatu ndili pa nsapato, sindinamvepo munthu akuyamikira nsapato chifukwa imavuka.

Mayi ake, ndikuwadandaulira: "Mukathyola mwendo, makina osokera muzipondera ndi chiyani, lilime?" Nyumba yonse yandiukira.

Lamlungu, 12 Okutobala

Mphepo zii. Mbendera ya pagombe yangolendewera. Tsiku lathunthu lapita pachabe, atsala khumi ndi atatu.

Sutikesi ili kale pabedi la Katsabola, yotsegula. Wachotsa zithunzi pakhoma, patsala timabowo ta misomali. Ndinaima pakhomo n'kunamizira kufunsa za chaja cha foni. Zikundiwawa, ndisaname.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Eee! Nzeru zabwera zokha, ndili pa benchi. Mayi wina anabweretsa sandasi ya mwana, akuti imavuka akamathamanga. Ndinachita zimene ndimachita masiku onse, kuika kalamba kumbuyo kogwira chidendene. Ndili mkati mosoka, singano n'kuima yokha m'manja. Nanga bolodi si sandasi yaikulu?

Jombo andikaniza, chabwino. Kalamba sanandikanize, poti sindinafunse.

Ndinatseka shopu masana, kuthamangira kunyumba kukatenga bolodi. Lamba wa chikwama chakale cha laputopu, wolimba, wosamva madzi. Kudula tiwiri, kuyeza pa phazi langa lenileni, kusokera ku malamba a bolodi mbali zonse. Ulusi wa phula, mizere iwiri, kubwereza pomaliza, kuotcha nsonga. Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse, osasuntha. Kukongola kwake ngati zinabwera choncho kuchokera kufakitale.

Wometa wa khomo loyandikana anasuzumira: "Mwayamba kusokera nsapato matabwa, achimwene?" Ndinamuuza kuti adikire, adzandiona pa TV.

Lachinayi, 16 Okutobala

Lero ndiye lero! Abale inu!

Katsabola anapita kukasainitsa mapepala ake, Aphunzitsi ali kalikiliki ndi ophunzira atsopano. Ndinalowa m'madzi bolodi ili kukhwapa, timalamba ndatipindira mkati. Kukhala pansi, kulowetsa mapazi, kukoka kumbuyo, thi! Kugwira kwake ngati nsapato ya ukwati.

Ndiye kuuluka. Kuchoka pa mbendera mpaka kumiyala, kubwerera, kupitanso. Ndagwa kanayi, kanayi konse bolodi ili kumapazi, kungodzuka n'kupitiriza. Madzi akulira pansi pa thabwa, fyuu, mphepo m'makutu, ine kukuwa ndekha ngati wopenga. Ndinaimba ndi nyimbo yomwe, sindikumbuka iti.

Chiyambire ukalamba uno sindinasangalalepo chonchi.

Lachisanu, 17 Okutobala

Aphunzitsi anandiona ali pamtunda. Nditatuluka: "Madala, mwadya chiyani?" Ndinangoseka, bolodi nditaitembenuzira kumwendo. Akuti Lamlungu ndikachita chimodzimodzi, pa 25 ndapita. Ndapita!

Kanthu kamodzi. Nditagwa chammbali phazi lamanzere linatuluka, lamanja n'kutsala, thabwa n'kundipotola kakolo pang'ono. Tsii, kenako kunatha. Ndiye kuti kamanzere kali ndi mpata. Ndakafupikitsa ndi chala chimodzi, ndawonjezera mzere wachitatu.

Pa chakudya Katsabola amandiyang'anitsitsa. "Mukusekerera chiyani, Adadi?" Ndinatsala pang'ono kuulula. Koma ndikumudziwa, angandilande bolodi. Ndidzamuuza tikazungulira chigubu, tili pamtunda, aone yekha kuti bambo ake si munthu wamba.

Loweruka, 18 Okutobala

Foni ikuti mawa mphepo yamphamvu kuyambira m'mawa. Bwera, bwera, ndikukudikira!

Makasitomala asanu ndi atatu, onse ndawathandiza ndikuimba mluzu. Wina ndamupatsa nsapato za munthu wina, wabwerera pakhomo akutukwana. Ndapepesa ndikuseka, zomwe zamukwiyitsa kwambiri.

Ndikuganiza, zikatheka ndizisoka timalambati tambiri. Ophunzira onse aja akumwa madzi chifukwa chosowa wosoka nsapato.

Mawa Katsabola akandiona koyamba ndikupita ndi kubwerera. Tulo tibwera ngati?

Lachinayi, 23 Okutobala

Kafupa ka m'kakolo wa phazi lamanja kang'aluka. Chikhakha mpaka pansi pa bondo, masabata asanu ndi limodzi. Ndodo ziwiri. Shopu yotseka, wometa wamata pepala pachitseko.

Ndilembe mmene zinayendera, mwina zichoka m'mutu.

Lamlungu lija zinayamba bwino. Maulendo atatu, Katsabola ali pambali panga pa jombo zake, akuimika chala chachikulu. Wachinayi, pafupi ndi gombe, madzi ofika m'chiuno, mphepo inabwera ya ukali. Inandinyamula n'kundimenyetsa chafufumimba. Phazi lamanzere linatulukabe, kaya bwanji. Lamanja ayi. Thabwa linazungulira, ndinamva phwa! m'mwendo. Kayiti n'kuyamba kuzungulira yokha, ikundikoka nkhope ili m'madzi, thabwa likundikokera kumbuyo.

Chomasulira chofiira chinali pamimba pomwepa. Kakhumi anandibwerezetsa. Koma manja anga anathamangira kuphazi, kukalimbana ndi kalamba. Zaka makumi atatu, chikavuta ndi nsapato manja amapita ku nsapato. Ndipo kalambako sikanaduke. Ndinasoka ndine.

Zotsalazo anandiuza Aphunzitsi. Katsabola anafika pafupi nane n'kutaya kayiti yake kuti andigwire. Yanga n'kundikokanso mapazi khumi. Iye kuti athamange, mapazi ali m'jombo, jombo zili ku thabwa. Anagwa. Anachita kukhala pansi m'madzi kumasula zingwe, kenako kuthamanga, kundikankhira chomasulira, kunditembenuza. Ndinasanza madzi pamchenga anthu atazungulira.

Aphunzitsi anadula kalamba kamanja ndi mpeni wawo kuti phazi lituluke, n'kufunsa kuti zimenezi waika ndani. Anayankha ndi Katsabola, osandiyang'ana: "Msoko uwu ndimaudziwa. Unali pa nsapato zanga zonse za kusukulu."

Aphunzitsi sanakalipe. Bola akanakalipa.

Loweruka, 25 Okutobala

Mphepo yabwino kuposa masiku onse. Makatani akuvina, chitseko cha bafa chikumenyeka chokha. Ine pa sofa, mwendo pa mapilo awiri.

Katsabola nayenso sanapite kuchigubu. Ndinamuuza kuti pita mwanawe, ukazungulire wekha, undijambulire. Anangoika mapiritsi ndi kapu ya madzi pa tebulo. Sabata yonse mawu ake kwa ine ndi a kuchipatala okhaokha: imwani, kwezani mwendo, gwedezani zala. Liwu loti Adadi sanalitchulepo.

Mayi ake anena kamodzi kokha, akupukuta mbale: "Simunadzipweteke nokha, mukudziwa?" Ndikudziwa.

Ndadzilanda ndekha ulendo wanga. Ndi manja angawa, mizere itatu.

Lolemba, 27 Okutobala

Wapita.

Takisi inafika seveni koloko, sutikesi analowetsa kale. Ine ndaima ndi ndodo pakhomo, ndakonza mawu usiku wonse. Iye n'kubwerera m'nyumba, kutuluka ndi bolodi yanga, kuiika pa tebulo lodyera, pambali pake lezala. "Khalani pansi. Dulani."

Ndinati mwanawe basi ikusiya. Anati ipite.

Ndiye ndinakhala n'kuyamba kusasula. Msoko umodziumodzi, iye ataima pambali manja atapinda. Wa takisi kuliza hutala, kulizanso, mayi ake kutuluka kukamupepesa. Ulusi wa phula suchoka mwachibwana, ndinadzicheka chala kawiri. Mphindi makumi awiri. Nditamaliza anatola timalamba tonse, ndi kodulidwa komwe, n'kuika m'chikwama chake cha m'manja. Akuti akundidziwa, ndikhoza kutisokanso. Ndinaseka, iye ayi.

Anati Disembala akabwera tikazungulira chigubu, onse awiri pa malamba, jombo zake wapatsa kale Aphunzitsi. Ndikhale nditaphunzira kutaya bolodi ndi kuitola ngati anthu ena onse.

Kenako anagwada kuti aone zala za kuphazi, ngati namwino, kukanikiza chikhadabo kuona ngati magazi akubwerera. Anakanikiza chala chimodzi nthawi yaitali, mutu uli pansi. Ali chomwecho ndi pamene ananena: "Ndinkawerenga masekondi, Adadi. Zala zikukanika kumasula zingwe, mutu wanu uli m'madzi, ine ndikuwerenga. Ndinafika makumi atatu ndi anayi."

Ndinangomugwira pamutu. Hutala inaliranso, anadzuka n'kuthamanga.

Nyumba ili zii. Bolodi ikadali pa tebulo, tizidutswa ta ulusi mbwee pansi, sindingathe kuwerama kuti ndisese. Ndayesa kuwerenga ndekha mmene anawerengera iye, pang'onopang'ono, ndikuyang'ana pampando wake. Wani, thuu, fili. Ndalekera pa khumi ndi awiri, sindinathe kupitirira.