Musagule Tikiti, Achimwene

14 Julayi

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndalandira. Mukuti mwawerenga kuti dziko lathu lili m'gulu la mayiko okonzeka bwino kulimbana ndi mliri, ndiye mukufuna mubwere ndi alamu mudzabisale kuno. Chonde musagule tikiti. Alamu ndi mphumu yawo ija sangalimbe kuno.

Akatswiri amene analemba zimenezo ndinawaona ndi maso angawa chaka chatha, atabwera kudzatiyesa kuchipatala kwathu. Sananame ayi. Anawerenga mabedi, masilinda a mpweya, magolovesi, zonse zinalipo. Kenako anati tiyeserere ngati kwafika wodwala, ife n'kusankha abambo, poti anali atangoweruka pa ulonda wawo wa pageti. Mukuwadziwa bambo anu pa zisudzo, anabuula mpaka adokotala anawanong'oneza kuti achepetseko. Tinawathamangitsira mkati pamachira, mpweya tinawaika msangamsanga, alendo aja n'kuwomba m'manja.

Chimene sanafunse n'chakuti antchitofe tikadwala adzatsale ndani. Makina odzazira mpweya amawadziwa munthu mmodzi yekha, ndipo ndi amene anayamba kudwala. Anamwino tinali ambirimbiri, lero wodi yonse tikuyendetsa awiri. Mabedi alipodi, achimwene, koma bedi silitembenuza wodwala.

Abambo anayamba kubanika sabata yatha. Ndinawagoneka pafupi ndi zenera, silinda ili pambali pawo yopanda kanthu. Anandiyang'ana, mawu akutuluka movutikira, nati, "Mwanawe, kaitane alendo aja. Lero ndikusewera bwino kuposa tsiku lija." Ndinayesa kuwasekera koma zinakanika, ndinakalirira kuseri kwa chitseko. Mtima ukundiwawa, ndipo ndakwiya, koma woti ndimukwiyire sindikumuona.

Pempho langa ndi limodzi. Muziwaimbira amayi pafupipafupi, ngakhale asayankhe zambiri. Masiku ano amangokhala pakhonde, wailesi ili chozimitsa.

Amayiwo akupereka moni, akuti muzivala zotentha. Ana anga akupereka moni kwa inu ndi alamu. Azakhali nawonso akuti moni, ali kuno kuyambira Lachisanu. Ndazungulira kalata yonseyi pothawa mzere uno, achimwene. Moni wa abambo palibe. Tinawaika m'manda Loweruka, tili anthu ochepa, titaima motalikirana, ndipo amayi sanaloledwe ngakhale kuwaona nkhope. Lirani muli komweko, musabwere.

Ndine mlongo wanu wokukondani.